Msuzi wabuluu wa ba Tembo

Mwaswera bwanji nonse, tamvani zandionekera lero.

Paja apongozi anga akubwera Loweruka kuchokera ku Chipata, ndipo ndi ntchito yangayi nthawi yopita kumsika sindiipeza. Ndiye ndaitanitsa mabokosi aja amabweretsa pakhomo, ndiwo zoduladula kale, iwe n'kungophika. Ndatenga awiri kuti ndione labwino, lina kwa mayi wa ku Maramba, lina kwa anyamata a m'tauni.

La ku Maramba ndaphika ndekha. Nsomba yake yokoma ndithu, kungoti mchere anaika wochepa ngati mankhwala a kuchipatala.

La m'tauni linali la nkhuku. Amuna anga ba Tembo akuti, "Iyi nisiyile, na ine niziba kupika." Ndawasiya, ndapita kukanula zovala. Pobwera ndapeza msuzi wabuluu uli fwafwafwa mumphika! Ndafunsa, "Mwathiramo chiyani?" Akuti, "Ni supu yamene inali pansi pa nkuku. Inali yokosa ngati mwala, nachita kuijuba na mpeni."

Abale anga, kanali kapaketi kozizira kaja amaika kuti nyama isawonongeke panjira! Ndawaonetsa pepala la malangizo kuti silinatchule kapaketiko, iwo akuti silinaletsenso. Nkhuku yonse tataya, mtima ukundiwawabe.

Tsopano akakamira kuti Loweruka aphikanso okha, amayi awo aone kuti mwana wawo anasintha. Ba sisi, ba malume, ndiwalole? Kapena ndiwatume akaonetse amayi awo ziboliboli ku Mukuni Park mpaka ine nditapakula?