Kadzidzi wanu uja, a Kamwendo

A Kamwendo, lero ndinapita ku chionetsero cha nyama zakutchire ku City Centre, ndipo ndapezako kadzidzi woumitsa ali m'galasi. Ndakumbuka tsiku lija ku Area 12 pamene amayi anga anakupatsani nkhwangwa kuti mugwetse mtengo wa mbawa chifukwa kadzidzi ankagonamo. Inu, wantchito wa m'maluwa, munakana: "Mayi, ameneyu ndi mlonda mnzathu. Amagwira makoswe, ndipo sagona pantchito ngati alonda enawa."

Malungo atakutengani, aliyense anati kadzidziyo ankalosera maliro anu. Ine, ndi digiri yanga yonseyi, ndine amene ndinagwira nkhwangwayo n'kugwetsa mtengowo. Lero pansi pa galasilo alemba zomwe munanena zija, koma m'Chingerezi, ndiye anthu akuvomera. Pepani, bambo. Makoswe adzaza m'nyumba, ndipo mlonda mnzanu uja sanabwerenso.