Chipinda chaulere kuseri kwa Hatcliffe

Ine ndine mmodzi wa anthu ochepa amene anachirikizapo chuma cha Zimbabwe ndi manja awo awiri. Ndinachichirikiza ndi fosholo, dzinja limodzi, nditavala kabudula wong'ambika kumbuyo, pa famu ina ya fodya kuseri kwa Hatcliffe.

Koleji ndinamaliza msanga kuposa anzanga onse. Iwo anachita kudikira gauni, pamene ine chaka chachiwiri chili pakati mlonda wa pageti anandidziwitsa kuti maphunziro anga akwana kufikira fizi itapezeka. Kwathu ku Mufakose ndinapeza m'chipinda changa mwalowa loja ndi banja lake, ndipo lendi yawo ndi imene inkagula mankhwala a shuga a bambo. Ndinkagona pabalaza, miyendo pansi pa tebulo. Ndiye mnzanga wina atanditumizira uthenga woti pa famu akufuna anyamata osonkhezera moto m'mabalani a fodya, malo ogona aulere, za malipiro sindinafunse n'komwe.

Bambo sanakondwe. Agogo anachoka ku Mangochi kudzathyola fodya, bambowo n'kuthawa mukomboni kukalowa fakitale kuti mwana wawo asadzanunkhe fodya. Anangoti, "Ulendo wonsewu, kubwerera pomwe tinayambira." Ndinawauza kuti asadandaule, ndikukakhala mkulu woyang'anira za kutentha. Anaseka mpaka kutsokomola.

Malowo analidi aulere: kachipinda ka zidina, malata odontha, nsikidzi zaulerenso. Koma kiyi anali wanga, moti nthawi zina ndinkakhoma chitseko n'kutsegulanso popanda chifukwa.

Ntchito yake imayenda chonchi. Fodya akathyola amamumanga pa mikangala n'kumupachika m'balani. Kunja kuli ng'anjo, mkati muli mapaipi oyendetsa kutentha. Ine ndinkakankha wilibala ya malasha, kuthira ndi fosholo, kutokosa phulusa ndi chitsulo, kwinaku ndikusuzumira themomita pakazenera. Poyamba moto umafunika wofatsa kuti tsamba lichite chikasu. Kenako umakweza pang'onopang'ono, n'kutsegula timazenera ta pamwamba kuti chinyezi chituluke, pomaliza moto waukali woumitsa msempha wapakati. Ukafulumira, tsamba limauma lobiriwira. Ukalola moto kugwa, limada, ndipo ogula salifuna. Foromani wathu, bambo wachishona wodziwa Chichewa cha mukomboni, ankanditcha Purofesa. Lamulo lake linali limodzi: wosiya moto wopanda munthu asiyenso kiyi wa chipinda.

Tsiku lina m'mawa, kunja kukuwaza, balani yanga itafika pokwezera moto, mlongo wanga anaimba foni. Bambo anali atatisiya m'bandakucha. Kuika kunali tsiku lomwelo ikatha swala, pemphero la masana, monga timachitira Asilamu.

Ndinathamangira kwa foromani. Anavula chipewa, anandigwira dzanja nthawi yaitali, kenako anati ndidikire othyola abwere kuchokera kumunda kuti andipezere wondilowa m'malo. Ndinamufotokozera kuti kwathu mtembo sugona. Anandiyang'ana mwachifundo chenicheni.

"Purofesa, maliro sathawa. Pano ndi bokosi lomwe sanagule."

Kwawoko maliro amadikira mpaka achibale akumudzi afike, ndiye ankaona ngati chisoni ndi chimene chikundithamangitsa. Sindinamuuze kuti kwathu kulibe bokosi loti agule, ndi nsalu yoyera basi.

Ndinaima pakati pa ng'anjo ndi msewu. Ndikanangochoka, bwenzi ntchito yatha, chipinda chapita, ndipo mayi akanalandira mwana wamwamuna wodzawonjezera pakamwa podya m'nyumba yamaliro. Monga munthu amene anafika chaka chachiwiri, ndinawerengera mwaukatswiri n'kupeza kuti ndikanyamuka dzuwa lisanafike pamutu, ndikafika. Ndinabwerera kukathira malasha. Themomita inayenda bwinobwino m'mawa wonsewo, ndipo sindinawotchepo fodya wokongola ngati ameneyo.

Wondilowa m'malo anachedwa, thirakitala yobweretsa othyola inali itatitimira m'matope. Minibasi ya ku Hatcliffe, imene kuno timati kombi, inadikira kudzaza, kondakitala akulumbira kuti kwatsala munthu mmodzi. Ya ku Mufakose inaima panjira kusintha tayala.

Kumanda ndinapeza mvula itasalaza kale dothi. Anthu anali atabalalika, kutatsala amalume okha, atanyowa, akundidikira pansi pa mtengo. Anandiuza kuti shehe anazengereza mmene akanathera, anthu akungoyang'ana kugeti, koma mitambo itada analowa m'manda amalumewo ndi mwana wa aneba kulandira thupi m'malo mwanga. Sanandikalipire. Ndinafunsa ngati pali fosholo kuti ndikonzeko m'mbali mwa mtumbira, poti ndi ntchito yokhayo imene ndinkaidziwa. Anati abweza kale kwa eni ake.

Mayi anangondifunsa ngati ndadya.

Nditabwerera ku famu, foromani atamva kuti ndinapeza ataika kale anangokhala pa wilibala. Mawa lake anandipatsa paketi ya shuga kuti ndikapereke kwa mayi, ndipo dzina la Purofesa sanalitchulenso. Ndinagwira mpaka balani yomaliza itazima, kiyi ndinabweza ndi dzanja langa.

Anyamata a ku Mufakose akandionetsa mauthenga a ntchito zokhala ndi malo ogona, sindiwaletsa. Ndimangowauza kuti asanayale mphasa, afunse kaye kuti tsiku limene kwawo kudzagwe zovuta, adzatuluka bwanji pakhomopo, ndipo afunse pamene onse kwawo ali moyo.

Foromani sanandidule malipiro a tsiku limenelo. Choncho tikamanena za kutaya, zonsezi zinandidyera madola awiri, a kombi.