Nsomba za Padenga

Anthu a m'nyumba yosanja ija ankangowatchula kuti Amayi a Padenga, ndipo iwo ankavomera. Anagwira ntchito yokolopa masitepe a nyumbayo mpaka mawondo anayamba kudandaula. Atapuma, m'malo mokhala pansi ngati anzawo, anakwera pamwamba penipeni. Dengalo linali la konkire, lafulati, ndipo anthu ankangoyanikapo zovala. Iwo anaonapo munda.

Anayamba ndi matumba a simenti odzaza dothi, obowola m'mbali. Kenako panabwera mapaipi akale oimika, tomato akulendewera, anyezi m'zitini za penti. Dothi lonselo analisenza okha pamutu, akutukwana chamumtima munthu amene anamanga nyumba yaitali chonchi osaikamo chikepe. Oseka anaseka ndithu, koma ndi omwewo amene ankadzagogoda ndi mbale m'manja kupempha masamba.

Nsomba zinabwera ndi mkamwini wawo, pulambala wa pakamwa posatopa. "Amayi, ulimi wa mawa ndi uwu," anatero. "Nsomba zikhale m'thanki, madzi ake azipita ku masamba, mizu iziwasefa, abwererenso kwa nsomba. Feteleza mwamuiwala basi!"

Za mapaipi ankazidziwa mkamwiniyo, tisamunamizire. Koma zoti madzi amalemera sizinabwere m'mutu mwa aliyense. Mathanki awiri akuluakulu anawakhazika pakati pa denga, pamwamba penipeni pa chipinda chimene mwana wawo wamkazi ankagonamo ndi khanda lake.

Mng'alu anayamba kuuona ndi Amayi a Padenga. Ankasesa m'chipindamo eni ake atachoka, ndipo anapeza fumbi loyera pa kabedi ka khanda. Atakweza maso anaona kamzere kopyapyala ngati ulusi, kochokera pa babu kulowera pakona. Anadziwa kuti ndi kulemera kwa mathanki aja. Koma nsomba zinali zitatsala pang'ono kukula, ndipo mwini nyumba akanangomva, dimba lonse likanatsitsidwa tsiku lomwelo. Anakwera pampando, napaka laimu pamng'alupo, nadziuza kuti akangokolola nsombazo anena.

Kuyambira pamenepo mantha sanawachoke. Chakudya sichinkatsika. Wina akamenyetsa chitseko, iwo ankadzambatuka. Ankalowa m'chipinda muja kawirikawiri ngati akusaka singano, maso ali kudenga.

"Kodi amayi, mwataya chiyani muno?" anafunsa mwana wawo.

"Palibe. Bwanji mdzukulu wangayu azigona kwanga?"

"Kwanu kozizira kuja? Mukufuna atenge chifuwa?"

Amayi a Padenga anangotuluka.

Tsiku lina masana kunagwa chimvula chosalekeza. Matumba onse padenga anamwa madzi mpaka kukhuta. Amayi a Padenga ankatsuka mbale pamene anamva mwana wawo akuitana.

"Amayi! Chitseko chakana kutseguka! Mwakhoma ndinu?"

Sanakhome. Anakankha ndi phewa, chitseko osasuntha. Chinali chitapanikizika kumwamba, felemu itapindika. Mkatimo khanda linkalira, ndipo pamwamba pake pankamveka kulira kwina, kwa konkire, the, the, the.

"Amayi, kukugwa mchenga kudenga!"

"Lowa pansi pa tebulo ndi mwanayo! Usafunse, lowa!"

Mkamwini anali kuntchito. Amayi a Padenga anamenya zitseko za anansi akukuwa kuti abwere ndi chitsulo chothyolera chitseko, iwo nathamangira kumasitepe, mawondo aja atawaiwala. Padenga mvula inawamenya kumaso. Anatsegula mipopi ya mathanki onse awiri, madzi nakhuthuka. Koma madziwo sanatsike. Paipi yotsitsa madzi inali itatsekeka ndi dothi lawo lomwe, ndipo madziwo anangosefukira padenga ponse mpaka m'akakolo. Kulemera konse kunali pomwepo.

Anagwada, nalowetsa dzanja m'paipimo, nayamba kufukula matope ndi mizu. Zikhadabo zinathyoka. Ankapemphera mosalongosoka, akungoti asafe, asafe, pansi pa mawondo awo pakunjenjemera, kaya ndi denga kaya ndi iwo. Kenako paipiyo inameza, madzi nayamba kutsika mwaphokoso. M'mathanki nsomba zinkaphiriphitha pouma, ndipo iwo sanaziyang'ane n'komwe.

Denga silinagwe. Atatsika anapeza chitseko chitathyoledwa, anansi atadzaza m'khonde, mwana wawo ataima pakati pawo ndi khanda pachifuwa, tsitsi lili mbuu ndi fumbi. Misozi yachimwemwe inangotsika m'masaya mwa Amayi a Padenga.

Koma mwana wawoyo sankalira. M'dzanja lina anagwira chibenthu cha pulasitala chimene chinagwera pa pilo wa khanda. Anachitembenuza pang'onopang'ono. M'mbali munali penti yakale yachikasu, pakati pali mzere woyera mbee.

"Amayi, laimu uyu ndi watsopano," anatero motsitsa. "Anapaka ndani?"

Anakweza maso, nayang'ana mayi ake.

"Munadziwa?"

 Amayi a Padenga anatambasula manja awo amatope aja kuti alandire mdzukulu wawo. Mwana wawo anabwerera m'mbuyo, nasunthira khandalo kuphewa lina.