Chitsime cha M'munda mwa Amayi

Anyamata akukumba ngalande kuno ku Chiputula, ndipo fungo la dothi lonyowalo landipsetsanso mtima.

Ndili mwana ku Mzilawaingwe, kunabwera anthu ofufuza zakale, ati m'munda mwathu munakwiririka chitsime cha anthu amakedzana. Anazula chimanga chathu chitamasula kale, n'kuzinga dzenje lawo ndi zingwe. Phale lililonse ankalipukuta ndi kaburashi ngati khanda, koma maungu athu ankangowaponda ndi majombo, phwa!

"Mama, imani patali," anatero wamkulu wawo, osatukula n'komwe mutu.

Amayi analumpha chingwecho, natsetserekera m'dzenjemo, n'kukhala pansi m'matope, chitenje chonse chili katondo yekhayekha.

"Ndipukuteni nanenso!" anakalipa. "Kapena mukudikira ndiyambe ndafa kuti mundione?"