Makasu Ogwera Pamodzi

Ine ndi amuna anga tinachoka ku Phalombe pa lole kukakhala matenanti pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Santhe. Alamu anga, mlongo wawo wa amuna angawo, anabwera nafe limodzi ndi amuna awo. Chaka chimenecho anali ndi pakati, mimba yawo yoyamba.

Kupatula ndime zathu, masiku ena tinkakabandira fodya m'munda wa bwana. Tinkandanda, aliyense pamzere wake. Poyamba makasu ankagwa mwachisawawa, ili apa, ilo apo. Koma dzuwa lisanakwere, onse ankayamba kugwera pamodzi, phi! phi! ngati akulima munthu mmodzi. Panalibe woyambitsa nyimbo kapena wolamula. Khutu linkangomva khasu la kumanja ndi la kumanzere, mkono n'kutsatira. Ine ndinkazikonda, chifukwa msana unkaiwala kuwawa.

Kapitawo nayenso anaziona. Tsiku lina anabwera ndi anyamata awiri aganyu, amphamvu zawo, n'kuwaika pakati pathu. Sanakalipe, sanatiuze kuti tifulumire. Anangokakhala pansi pa mtengo. Anyamata aja anayamba kuthamanga, oyandikana nawo n'kutengera, ndipo liwiro lija linayenda mzere ndi mzere mpaka linatipeza ife akumapeto.

Alamu anali kumanja kwanga, thukuta lili kamukamu.

"Alamu, chepetsani," ndinatero. "Musapikisane nawo."

"Sindikupikisana nawo ayi. Ndikati ndichedwe, mkono ukupita wokha."

Ndinachepetsa ineyo kuti atengere kwa ine, koma mbali inayo kunali khasu lina lothamanga, ndipo posakhalitsa tonse awiri tinapezeka tabwerera m'liwiro lomwe lija. Chakumasana alamu anagwada pamzere atagwira pamimba. Amuna awo anawakweza panjinga kuthamangira kuchipatala, koma anapita padera ali m'njira.

Amuna anga anapita kukaonana ndi kapitawo.

"Anawauza ndani kuti athamange?" anafunsa kapitawoyo. "Munandimva ine ndikulankhula? Kafunseni anzanu onse."

Panalibe amene akanati anamumva.

M'mawa mwake tinapangana tonse kuti tizilima pang'onopang'ono, anyamatawo athamange okha. Tinayambadi choncho, mano titaluma, aliyense akuletsa mkono wake. Koma munthu sungalime tsiku lonse ukuganiza za mkono. Bambo wina woyandikana ndi anyamata aja anayamba kutengeka, kenako mkazi wake, kenako enanso. Ndinamva makasu akubwera kuchokera pakati, ndipo ndinalira ndikulima, chifukwa langa nalonso linali litalowa kale. Kapitawo sanadzuke n'komwe pamthunzi paja.

Anyamata aja anawalemba ntchito yokhazikika. Alamu anabwerera ku Phalombe fodya asanalowe m'chigafa, amuna awo n'kutsala kuti amalize chaka. Ukwatiwo sunapitirire, ndipo mpaka lero alamu alibe mwana.