Amalume Atabwerako ku Ukazembe

Amayi anga anabadwa awiri okha, iwo ndi mlongo wawo wamkulu, amalume angawo. Anakulira m'mudzi wina kufupi ndi Mkaika, m'boma la Katete. Agogo aamuna anali mkulu wa mpingo. Ataona kuti sangathe kuphunzitsa ana onse awiri, anasankha wamwamuna. Amayi anatsala kumunda, kulima chimanga, nsawa ndi thonje, pamene amalume anapita ku sukulu ya mishoni, kenaka ku Lusaka.

Ine ndinayamba kuwadziwa ali kale mkonzi wa magazini ina ku Lusakako. Ankabwera kumudzi kamodzi pachaka, m'nyengo yotentha, atavala jekete. Anthu ankadziwa kuti amalemba ndakatulo, koma owerenga anali ochepa poti zambiri zinali m'Chingelezi. Amayi sankadziwa kuwerenga, komabe buku la mlongo wawo ankalisunga m'sutikesi, pamodzi ndi yunifomu yawo ya chigwirizano cha amayi a mpingo. Tsiku lina amalume anawawerengera ndakatulo ya Chinyanja pakhonde. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Mwamaliza, alongo anga? Ndikaone mbuzi, zingalowe m'dimba la eni." Amalume anaseka mpaka misozi.

Ntchito ya ukonzi inatha mosayembekezereka. Anasindikiza ndakatulo ya mnyamata wina yodandaula za mizere ya ufa m'masitolo, ndipo akuluakulu ena sizinawasangalatse. Anawaitana kangapo kukawafunsa kuti wolembayo ndani, poti anali atabisa dzina. Amalume sanamutchule, ndipo anasiya ntchito. Anayamba kuphunzitsa pa yunivesite, anakaphunziranso kunja, mpaka anakhala pulofesa. Nthawi imeneyo ine ndinali pa koleji ya uphunzitsi, ndipo patchuthi ndinkakhala kwawo. M'nyumbamo mabuku anali ponseponse, ena mpaka pansi pa bedi langa. Ophunzira awo ankabwera Loweruka, n'kumakangana za ndakatulo mpaka tiyi kuzizira m'makapu.

Boma litasintha, anawasankha kukhala kazembe, n'kuwatumiza ku dziko lina la kutsidya kwa nyanja. Kumudzi anthu ananyadira kwambiri. Chithunzi chawo atagwirana chanza ndi mtsogoleri wa dzikolo chinapachikidwa m'nyumba mwa amayi. Koma kubwera kwawo kunasowa. Amayi atadwala, tinawaimbira foni, iwo anatumiza mankhwala n'kulonjeza kuti abwera msonkhano wina ukatha. Amayi anamwalira msonkhanowo usanathe. Amalume anafika titaika kale maliro, abale akutali atabalalika. Ndinawaperekeza kumanda. Anaima nthawi yaitali, chipewa chili m'manja. Pobwerera anangondifunsa ngati amayi anavutika kwambiri. Ndinawauza zoona, kuti anavutika.

Atapuma pantchito, ambiri ankaganiza kuti akhazikika ku Lusaka. Akazi awo anali atamwalira, ana awo awiri anali kunja. Iwo anamanga kanyumba ku Katete, kuseri kwa msika, n'kubwera ndi mabuku awo pa lole. Abale ena sanawalandire bwino. Ankati munthu amene sanaike mlongo wake akufuna chiyani tsopano.

Ine pamenepo ndinkaphunzitsa ku Vubwi, komwe ndinakwatiwa. Amuna anga ankachita malonda a m'malire, kugula nyemba ndi soya ku Mozambique ndi ku Malawi n'kukagulitsa ku Chipata. Poyamba ankachoka masiku ochepa. Kenaka anayamba kutha mwezi. Mayi wina wogulitsa nsomba zouma ndiye anandiuza kuti bamboyo ali ndi mkazi wina kutsidya kwa malire, ku Malawi, ndipo kuli kale khanda. Nditawafunsa sanakane. Anati akufuna kumubweretsa mkaziyo kuti tizikhala pakhomo limodzi.

Nkhoswe ya ukwati wanga inali itamwalira, ndiye udindo unagwera amalume monga mwini mbumba. Ndinawaimbira foni ndili ndi manyazi. Ndinkaganiza kuti munthu amene wakhala pa tebulo limodzi ndi atsogoleri a maiko sangavutike ndi nkhani ya mitala ya ku Vubwi. Iwo anangofunsa kuti minibasi ya kumeneko imanyamuka liti. Anadzera ku Chipata, n'kufika madzulo fumbi lili mbuu m'mutu ndi pajekete.

M'mawa mwake tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya sukulu. Mbali ya amuna anga kunabwera akulu awo, amene anali nkhoswe yawo. Alamu angawo analankhula nthawi yaitali. Anati mitala si mlandu, makolo athu ankakwatira choncho, ndipo mkazi wamkulu amakhalabe wamkulu. Amalume anamvetsera osawadula mawu. Atatha, anatembenukira kwa amuna anga.

"Akamwini, inu mukuti bwanji?"

"Ine ndimawakonda onse awiri, amalume. Sindikufuna kusiya aliyense."

"Musanakwatire kutsidyako, munawauza amayi a ana anuwa?"

"Ayi, sindinawauze."

"Nanga enawo, munawauza kuti kuno muli ndi banja?"

Amuna anga anayang'ana pansi. Anati anawauza mochedwa, mimba ilipo kale.

Kenaka amalume anandiyang'ana ine. "Nanga iwe, mwana wa mlongo wanga, ukufuna chiyani?"

Chiyambireni nkhaniyi panalibe amene anandifunsa funso limenelo. Amayi a kumpingo ankangondiuza kuti ndipirire, banja ndi kupirira. Ndinayamba kulira, koma ndinayankha. Ndinati sindingathe kukhala pa mitala, ndipo ngati bamboyo sangasiye kutsidyako, ine ndibwerera kwathu ndi ana anga.

Alamu anakwiya. "Inu akuluakulu ophunzira, mwayenda maiko kuyanjanitsa anthu. Lero mwabwera kudzapasula banja?"

"Sindinabwere kudzapasula," anatero amalume modekha. "Ngati akamwini asintha maganizo, ine ndikhala woyamba kumuuza mwanayu kuti akhululuke. Koma sindingamukakamize kukhala pomwe mtima wake wakana. Tiwapatse nthawi akaganize, tidzakumanenso akakolola."

Tinakumananso atakolola. Amuna anga sanasinthe, ndipo ukwati unatha mwamtendere, popanda kutukwanana. Amalume anaonetsetsa kuti tagwirizana za ana, kuti azikhala ndi ine koma bambo awo aziwaona akafuna. Mpaka lero ana anga amapita kukacheza kwa bambo awo, ndipo abale awo a kutsidya amawadziwa.

Pa ulendo wachiwiriwo ndinawaperekeza amalume mpaka ku Chipata. Minibasi ikugwedezeka m'maenje, ndinawafunsa ngati ntchito ya ukazembe inali yotero. Anaseka. Anati masiku ambiri inali ntchito yovala bwino, kudya ndi alendo, ndi kuwerenga zolankhula zimene alemba ena. Kenaka anati, "Amako akanakhalapo, akanadziwa chonena kuposa ine. Sukulu yanga yonse inachokera pa khasu lawo, ndipo sindinawathokoze mokwanira." Aka kanali koyamba ndi kotsiriza kuwamva akulankhula za zimenezo.

Chaka chotsatira anandisamutsira ku sukulu ina ku Sinda. Kuchoka ku Sinda kupita ku Katete si patali, msewu ndi wa tala, choncho ndinkapita kukawaona pafupifupi Loweruka lililonse. Matenda a shuga anali atayamba kuwononga maso awo. Poyamba ndinkawawerengera nyuzipepala. Pambuyo pake anayamba kundiuza ndakatulo kuti ndiziwalembera. Anali atasiya Chingelezi, zonse zinali m'Chichewa cha kumudzi. Ankalakatula za thonje lodikira ogula pamsewu, za azimayi osenza mitolo kupita ku mwambo wa Kulamba, za mvula yochedwa. Ukonzi sunawachoke. Ndikawawerengera zimene ndalemba, ankakweza dzanja n'kunena kuti, "Chotsa mawu amenewo, akungolemetsa mzere." Nthawi zina tinkatha masana onse pa ndime imodzi, ine nditatopa, iwo ayi.

Mnyamata wina wa pa wailesi ya m'deralo, amene kale anali wophunzira wawo, anatenga ndakatulo zina n'kumaziulutsa Lamlungu masana. Apa m'pamene anthu a kwathu anayamba kumva zimene amalume ankalemba moyo wawo wonse. Ndikawatsogolera pamsika, azimayi a tomato ankawaitana, "Apulofesa, ija ya thonje mudzaibwerezenso!" Abale amene anawakwiyira aja anayamba kubwera mmodzimmodzi, wina ndi nkhuku, wina ndi nkhani ya malire a munda yofuna uphungu. Ena sanabwere mpaka mapeto.

Anamwalira m'nyengo ya dzinja, atagona m'chipatala sabata zingapo. Anali atanena kale kuti akaikidwe kumudzi, pafupi ndi mlongo wawo. Kunabwera magalimoto a boma ndi anthu a ku yunivesite, ndipo ena anatitimira m'matope mpaka anyamata a m'mudzi anawakoka ndi ng'ombe. Zolankhula zinali zambiri. Mmodzi mwa ana awo anakwanitsa kufika, winayo anaonera mwambo wonse ali kunja konko, kudzera pa foni ya mwana wanga.

Mabuku awo tinagawa ku masukulu a sekondale a ku Katete ndi ku Sinda. Ndakatulo zomaliza zija ndinazitaipa, ndipo mwana wawo akufunafuna wosindikiza. M'kanyumba kaja mukukhala mwana wanga wamkazi, amene akugwira ntchito ya unamwino. Ine ndikadali ku Sinda, ndikuphunzitsa giredi seveni.