Ndalota Tadala ali pa kanema wopanda mutu

Ndili m'nyumba yoonetsera kanema kumsika, ine amene sindinalowemo chibadwire. Pamabenchi pali amuna okhaokha. Pakhoma pakuoneka mwana wanga Tadala, koma akungomuonetsa miyendo ndi chiuno, mutu palibe. Ndamudziwira chipsera cha pabondo.

"Chonde kwezaniko chithunzicho, nkhope yake ioneke," ndikuwapempha.

"Mayi, khalani pansi, mukutitchinga," akutero bambo wina wa jekete. "Nkhopeyo titani nayo?"

Ndikumasula chitenje changa cha kutchalitchi n'kuphimba khomalo. Miyendo ija yatulukira pamwamba pa chitenjecho, penipeni pamene palembedwa vesi, ndipo amunawo akuomba m'manja. M'sipika mukumveka mawu a Tadala: "Amayi, auzeni dzina langa." Ndikutsegula pakamwa, mawu osatuluka.

Ndadzuka mtima ukugunda. Tadala ndamupeza pakhonde akupesa tsitsi. Ndamugwira masaya onse awiri, ndati zikomo Ambuye.